Nyambo ya M'madzi a Mchere

Chinali chaka cha 2003, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu. Ndinkalondera nyumba yosungiramo katundu ku Al Garhoud, mu mzinda wa Dubai, pafupi ndi bwalo la ndege. Kogona kunali ku Hor Al Anz, m'chipinda cha kampani, amuna asanu ndi atatu pa mabedi osanjikiza. Ndiwo zathu zinali nkhuku za mufiriji, zouma gwa ngati mwala. Tsiku langa lopuma linali Lachisanu lokha.

Ine kwathu ndi ku Chiromo, m'mbali mwa Shire. Mbedza ndinaigwira ndisanagwire pensulo, ndipo pensuloyo ndinaisiya mu Sitandade 6. Tsiku lina tikudya ndinanena kuti nkhuku imeneyi yandikwana. Nyanja ili pomwepa. Ndidzabweretsa nsomba zaziwisi, zogwira ndekha, munthu aliyense yakeyake pa mbale.

M'chipindamo munali mnzathu wa ku Chipata, wokolopa mu hotela, munthu wapakamwa. Anaika supuni pansi.

"Ba mudala, nsomba za kuno zili na mapasipoti. Sizigwidwa na munthu wa ku mtsinje."

"Ndanena ndanena."

"Eyiti?"

"Eyiti."

"Inshallah, Mulungu akalola," anatero, enawo n'kuseka.

Mawu anga sindiwataya. Kwathu ankandidziwa choncho, ndipo sindinafune kuti ku Dubai andidziwe mwamtundu wina.

Gombe ndinalipeza chakumbali ya Mamzar. Linalibe dzina, linalibe wolipiritsa. Panali mchenga ndi miyala yotayidwa ndi malole, basi. Chakumanzere, patali ndithu, kampani ina inali itayamba kumanga. Inazika mpanda wa malata kuchokera kumsewu mpaka m'madzi, ndipo ikamaliza chigawo inkausendeza chakuno. Ndinaona kuti pagombepo sindikhalitsa. Nsomba zisanu ndi zitatuzo zinayenera kutuluka mpandawo usanandipeze.

Zida zanga zinali zochepa. Chingwe cha nayiloni chokulunga pa botolo, mbedza zogula ku Deira, mpeni waung'ono. Kapitawo wa nyumba analetsa chilichonse chonunkha nyambo m'chipinda, ndipo sindinamutsutse, anthu tinali othithikana. Ndinaika zonse m'chitini cha mkaka wa ufa n'kuchikwirira mu mchenga, patsinde pa mwala wina wodontheredwa penti wofiira. Ndinkafika dzuwa likutuluka, kufukula, kuwedza, kukwiriranso.

Nyambo yomwe ndinkaidziwa ndi nyongolotsi. Mu mchenga wa Dubai mulibe. Koma ku Al Warqa kunali dalaivala wa ku Machinga, wogwira panyumba ya Mluya yomwe maluwa ake ankathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Iyeyo ankandikumbira m'dothi la maluwalo n'kunditumizira Lachinayi m'kachikho ka yogati. Zinali nyongolotsi zabwino, zofiira, zamoyo. Mlamba wa ku Shire ukanazithamangira.

M'madzi a mchere zinkafa nthawi yomweyo. Ndikakoka chingwe ndinkapeza kanthu kotuwa, kolobodoka ngati ulusi wonyowa, kapena mbedza yokhayokha. Cholemetsa changa chinali nati yaing'ono. Ku mtsinje imakwana. Kuno funde linkainyamula n'kudzaitula pamapazi panga, chingwe chitapiringizika. Ndinkabwerera ndi thumba lopanda kanthu, wa ku Chipata ali pakhomo.

"Ba mudala, lelo bwanji? Zayenda ku mzikiti?"

"Dikira."

"Nidikila chabe. Mbale yanga natsuka kudala."



Pagombepo pankabweranso mkulu wina wa ku India, wa dera lotchedwa Kerala, makaniko wa pa galaja. Anali wa msinkhu wanga, wochepa thupi, wa masharubu aimvi. Ankakhala chapafupi, ndipo m'chidebe chake munkagwa nsomba zoyera, zophwatalala, kukula ngati chikhatho. Aluya amazitcha bada. Sindinamufunse kanthu. Kwathu msodzi safunsa mnzake nyambo, amangoyang'ana. Ndinayang'ana, koma manja ake anali achangu.

Tsiku lina anabwera yekha. Anasuzumira m'kachikho kanga n'kupukusa mutu.

"Bhai, izi n'za madzi akumwa," anatero. Bhai ndiye kuti m'bale.

Tinkamvana ndi Chingerezi chodukaduka, chotsalacho ndi manja. Anandiika m'dzanja zinthu ziwiri: pulagi yakale ya galimoto, ndi tizilombo ta m'nyanja tokhala ngati ziwala zopanda mapiko, tomwe mu hotela amati mapuloni. Ndinalandira. Koma sindilandira chaulere. Ndinali nditaona kuti mfundo yake ya pa mbedza imapulumuka. Ndinatenga chingwe chake n'kumumangira ya kwathu, yozunguliza pa msana wa mbedza, yomwe mlamba waukulu sumasula. Anaikoka ndi mano, osamasuka. Anagwedeza mutu. Tinathana choncho.

Zomwe ndinaphunzira pagombepo ndi izi. Puloni umaisenda, kuidula tizidutswa ngati chikhadabo, kuithira mchere Lachinayi kuti ilimbe, funde lisaichotse. Pulagi imakhala kumapeto kwenikweni kwa chingwe. Kachitsulo kake kokhota kaja umakapinda, n'kumangapo, ndipo ikafika pansi imadzizika mu mchenga. Mbedza ziwiri zimakhala pamwamba pake, pa tizingwe tatifupi. Mbedza zanga zoyamba zinali za mlamba. Bada ili ndi kakamwa kakang'ono, imafuna kambedza konga ka matemba akuluakulu.

Ndinkaponyanso patali kwambiri, poganiza kuti nsomba za nyanja yaikulu zimakhala pakuya. Ayi. Zimakhala pafupi, kuseri kwa pomwe funde limaswekera, pomwe madzi amaoneka oderako. Funde limafukula tizakudya mu mchenga, izo n'kumatola. Madzi akamakwera zimadya, akayamba kubwerera zimachoka. Mlamba umameza n'kuthawa nayo. Bada imagogoda kawiri pang'onopang'ono, ngati mlendo wamanyazi. Chala chizikhala pa chingwe. Ukachedwa, nyambo yapita.

Ndinayamba kubwera ndi ziwiri, tsiku lina zitatu. Tinkaziphika ndi tomato n'kugawana msuzi. Wa ku Chipata anati tizisunge mufiriji mpaka zikwane.

"Ndinati zaziwisi. Za mufiriji tili nazo kale."

"Awe, mudala uyu ni simenti."

Iyeyo anandibweretsera kasupuni ka tiyi kopindika kotayidwa ku hotela, ati ndizikazidyetsa phala kuti zikule. Ndinakadula chogwirira, kukaboola mbali zonse, kumangako mbedza. M'madzi kankanyezimira ngati kansomba kothawa. Kanandigwirira nsomba imodzi yaitali, ya mlomo ngati singano. Titaiphika minga yake inali yobiriwira, ndipo palibe anaikhudza. Ndinadya ndekha. Inali yabwino, koma sindinaiwerengere.

Nthawi yonseyi mpanda unkasendera. Poyamba ndinkangouona. Kenaka ndinayamba kumva makina. Madzi a mbali imeneyo anasanduka ngati thobwa.

Lachisanu lina nyengo yozizira ikutha, wa ku Chipata anati apita nawo akaone yekha. Tinakwera basi yoyamba. Mpanda unali pafupi, poti utaponya mwala ukhoza kufika. Mphepo inali yochepa, madzi akukwera bwino. Ndinaponya. Sipanatenge nthawi, chingwe chinagogoda.

Tsiku limenelo zinadya. Kamodzi zinabwera ziwiri pa mbedza zonse. Wa ku Chipata anagwira thumba, akuwerenga mokweza, nsapato atazikoleka m'khosi. Pofika pa nsomba zisanu nthabwala zinamuthera. Pa zisanu ndi ziwiri dzuwa linali litatentha, mchenga ukuotcha mapazi, madzi n'kuyamba kubwerera. Ndinaponyabe. Ndinasuntha malo, ndinasintha nyambo, ndinayesa kasupuni. Chingwe chinali zii.

Mkulu wa ku Kerala anali akumanga katundu wake. Anatenga nsomba imodzi m'chidebe n'kundilozera thumba.

"Yalla, mwamsanga, ba mudala, tengani," anatero wa ku Chipata. "Ine nayangana kumbali."

"Shukran, bhai," ndinamuthokoza mkuluyo. "Kadyeni ndi anzanu."

Anaibweza m'chidebe osakhumudwa. Msodzi amamva zoterezi. Ndinatsuka zida, kuziika m'chitini, kukwirira patsinde pa mwala uja monga mwa masiku onse.

Madzulo ndinazikazinga ndekha, ndi mchere ndi tsabola. Mbale zisanu ndi ziwiri, iliyonse nsomba yake yathunthu. Ine ndinatenthetsa nkhuku ya dzulo. M'chipinda munkangomveka anthu akuyamwa mitu ya nsombazo.

"Khalas, zatha, ba mudala," anatero wa ku Chipata. "Mwawina. Tengani hafu yanga."

"Idya. Ndinati eyiti. Lachisanu likubwerali."

Lachisanu limenelo ndinatsika basi ndi mapuloni anga m'pepala, othira mchere. Mpanda unali utadutsa mwala wofiira, utafika kumapeto kwa gombe. Pachipata panali mlonda wa ku Nepal, yunifolomu yake yofanana ndi yanga, yosiyana mtundu wokha. Ndinamupatsa moni, anayankha mwaulemu. Sindinamupemphe kulowa. Ntchito ya pachipata ndimaidziwa, ndipo sindikanamuika mnzanga pa mlandu chifukwa cha chitini. Ndinangosuzumira pa mpata wa malata. Miyala yonse inali itachotsedwa. Katapila anali atasalaza mchenga, malole akuthira wina pamwamba.

Ndinaima pang'ono n'kubwerera kokwerera basi. Mapuloniwo ndinawasiyira amphaka a pa siteji. Magombe ena analipo, koma akutali kapena olipira, ndipo mwezi wotsatira anandisinthira tsiku lopuma. Ku Dubai sindinawedzenso.

Pansi pa mchenga umenewo panatsala chitini chimodzi, mbedza khumi ndi zinayi, mapulagi atatu, botolo la chingwe, kasupuni, ndi mpeni womwe ndinachoka nawo ku Chiromo. Mkulu wa ku Kerala sindinamuonenso, ndipo galaja yake sindinkaidziwa. Nsomba inatsala imodzi.