Mbale imene inkayera pansi pa makina

A Telala akalambira pa makina osokera. Zaka makumi atatu ali m'kachipinda kamodzimodzi, kuseri kwa sitolo ya nsapato, akufupikitsa mathalauza ndi kusintha zipi, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa. Munthu akabwera ndi diresi loti ngakhale mwini wake akuona kuti latha, iwo amangoti alisiye aone. Liwu loti ayi salidziwa, ndipo matenda amenewa ndi amene anatsala pang'ono kuwaphera galu.

Galuyo ndi Batani, kagalu kofiirira kamene kamagona pansi pa makina, mchira uli pafupi ndi chopondera. Chimwalirireni akazi awo, ndiye amamva madandaulo awo onse, ndipo sanawayankhepo zamwano.

Chaka chatha dokotala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, asiye zamafuta ndi zamchere. A Telala anamvera. Koma kuwauza achemwali awo, amene anawalera makolo atamwalira, ndiye kunawakanika. Mayi amenewo ataona mlongo wawo akuchepa thupi, anangoti basi, ndi njala ya munthu wopanda womuphikira. Masana aliwonse ankafika ndi kambale kovindikira: nyama yonona yokazinga, zikopa za nkhuku, ndi mtedza wamchere wodzaza pepala. Ankakhala pabenchi pomwe pamakhala makasitomala, n'kumadikira mpaka mbale iyere.

Mbale inkayeradi. Achemwali akangotembenuka kulonjera wodutsa, dzanja la a Telala linkatsikira pansi pa makina. Batani sankatafuna n'komwe. Aliyense anali wokondwa. Achemwali ankanyadira kuti mlongo wawo akudya, dokotala ankayamikira kuti wodwala akumvera, galu naye ananenepa mpaka khosi kusowa.

Tsiku lina m'mawa Batani anakana ngakhale madzi. Anasanza kawiri pa zidutswa za nsalu, kenako anaima atapinda msana, akunjenjemera. A Telala atamugwira pamimba, analira ngati wapondedwa. Iwo anasiya siketi ya mwini wake singano ili pakati, n'kumukulunga galuyo m'nsalu yotsala ya makatani, ulendo kwa dokotala wa ziweto. Potuluka, masana atakwana kale, achemwali anakumana nawo pakhomo, kambale kali m'manja, ndipo anangowatsatira osafunsa.

Dokotalayo, mayi wosachedwa ndi malonje, anamupima galuyo n'kunena kuti kapamba watupa. Anafotokoza kuti thupi la galu silitha mafuta ochuluka chonchi, mtedza wamchere umangowonjezera moto, ndipo agalu ena amafa nazo eni ake akazengereza. Kenako anafunsa chimene galuyo wakhala akudya.

A Telala anayang'ana nsapato zawo. Kunama kunali kotheka ndithu, koma Batani anali gone patebulo, diripi ili pamwendo. A Telala anaulula zonse, kuyambira mawu a dokotala wawo mpaka dzanja lotsikira pansi pa makina. Achemwali anatuluka n'kukakhala panja, kambale kali pamiyendo.

Galu anamugoneka komweko, ndipo masiku atatu amene anakhalako anatalika ngati mwezi. A Telala ankasoka mizere yokhota n'kumasulanso, phazi likufunafuna mchira pansi pa makina. Pabenchi panalibe munthu masana. Ankaopa kuti ataya galu ndi achemwali omwe.

Tsiku lachinayi Batani anadzuka, ananyambita madzi, n'kudya tinyama ta nkhuku towiritsa, topanda mafuta. Galuyo atangowaona a Telala, anagwedeza mchira pang'onopang'ono. Bambo wamkulu analira pamaso pa anthu, manyazi atawasiya kunyumba.

Pobwerera naye anapeza achemwali atakhala pabenchi, m'manja mulibe kanthu. A Telala anayamba kupepesa, koma achemwaliwo anawadula mawu.

"Miyezi isanu ndi umodzi, iwe? Mbale zonse zija?"

"Zonse, achemwali. Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

Mayiwo anayang'ana galu wofooka uja, kenako mlongo wawo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anapumira m'mwamba, misozi ili lengelenge.

"Masiku onsewa ndakhala ndikukukwiyira," anatero. "Koma ukanati uzindimvera n'kumadya, patebulo paja bwenzi pali iwe."