Makutu a Achimwene

Achimwene anga akhala akuimba gitala kuyambira ine ndisanadziwe kumanga zingwe za nsapato, koma chaka chathachi ndi pamene ndinawaona koyamba ali ndi mantha. Makutu awo ankatseka. Kwa ine wosoka zovala, kugontha lingakhale vuto ndithu, koma makina angasokebe. Kwa iwo kunali kutha kwa zonse, chifukwa palibe china chimene anachichitapo ndi mtima wonse.

Bambo athu anali okonza mawailesi. Kashopu kawo kanali kothina, kodzaza ndi katundu amene eni ake sanabwerenso kudzatenga, ndipo nthawi zonse munkanunkha fumbi ndi waya wopserera. Achimwene akaweruka kusukulu ankakhala m'menemo, ati kuthandiza. Tsiku lina munthu wina anasiya gitala yamagetsi kuti aikonzere waya, n'kupita osabwerako. Achimwene anaitenga n'kuilumikiza ku sipika yong'ambika imene bambo anaiponya pakona kuti ikatayidwe. Atangokhudza nsambo, chinthucho chinalira ngati chigalu chimene chapondedwa mchira. Bambo anadzidzimuka mpaka kudziwotcha chala.

"Zimitsa iwe! Sipika imeneyo ndi yakufa!"

"Ayi bambo," anatero achimwene, maso ali gwa, "yamoyo ndi imeneyi. Zakufa ndi zinazi."

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panalibenso mtendere. Mu wailesi ina anapezamo kaseti ya nyimbo za roko, zolemera zija zimene gitala imachita kubangula ndipo woimba amakuwa ngati wapsa ndi madzi otentha. Anaimvetsera mpaka inatafunika, n'kuilumikiza ndi selotepi, n'kuimvetseranso. Amayi anawapatsa dzina loti Phokoso. Amayiwo ankati akuwanyoza, koma dzinalo linakakamira, ndipo patapita zaka linkalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa mapepala omata m'makoma.

Si kuti zinayenda msanga ayi. Anayambira mu bandi ya achinyamata kutchalitchi, ndipo sanakhalitseko. Abusa anawaitanira pambali n'kuwauza mwaulemu kuti mphatso yawo ndi yaikulu kuposa nyumbayo. Anayesa za m'maukwati. Ankayamba bwinobwino, nyimbo yofatsa ya akwati, koma pofika pakati zala zinkawathawa, gitala n'kuyamba kukuwa, azakhali a mkwatibwi atagwira m'makutu. Pomaliza anapezana ndi anzawo atatu openga ngati iwo omwe. Mmodzi anali woimba ng'oma wamimba yaikulu amene aliyense amamutcha a Chigubu, ndipo ankaphunzirira mu galaja ya kwawo. Dzina la bandiyo linasintha kambirimbiri moti ine ndinaleka kulisunga.

Ine ndinali telala wawo, wosafunsidwa ngati ndikufuna. Ndinkasoka zigamba pa majekete achikopa amene ankavala ngakhale kunja kukutentha kuti phwii, ndi kuthinitsa mabuluku amene anali othina kale. Tsitsi analisunga mpaka kufika m'mapewa. Anthu owatsatira sanali ambiri, koma anali okhulupirika: amakaniko, ana a sukulu zaukachenjede, ndi bambo wina wa kubanki amene ankabwera atavala taye, n'kuivula, n'kuimanga kumutu. Anajambulako chimbale chimodzi chokha. Makatoni ake ena adakali kunsi kwa bedi, ndipo alamu anga, akazi awo, amati bola amathandiza kuti matiresi asalendewere. Bambo atamwalira, achimwene anatenga kashopu kaja. Masana amakonza masipika, ambiri a iwo ochokera m'matchalitchi, kuphatikizapo lija linawachotsa.

Chimene ankanyadira kwambiri si liwiro la zala, koma khutu. Anyamata a masiku ano amatchuna gitala poyang'ana pa foni, ikangoonetsa kobiriwira basi akuti yakhala. Achimwene ankawaseka mpaka misozi. Iwo ankangokhudza nsambo, kupendeketsa mutu, kupotoza pang'ono, basi. Kushopu ankatha kumva sipika ili m'manja mwa mwini wake pakhomo n'kunena chimene chavuta asanaitsegule. Matama analipo, sindikana, koma ankanena zoona.

Ndiye zinayamba pang'onopang'ono. Alamu ankadandaula kuti wailesi yakanema ikumakwezedwa mpaka mawindo kunjenjemera. Ukawafunsa za mvula, ankayankha za mtengo wa mabatire. Tinkaseka, tinkati ndi ukalamba, kapena ndi mwano wa amuna akafuna kuzemba ntchito. Koma tsiku lina masana a Chigubu anabwera kwanga, n'kukhala pa mpando wa makasitomala osavula n'chipewa chomwe.

"Achemwali, pali nkhani," anatero. "Akulu aja akuimba pambali."

"Pambali bwanji?"

"Gitala ikumakhala yosatchuna. Ife tili uku, iwo ali uko. Papita miyezi tsopano."

"Nanga mwawauza?"

"Ndani angayambe? Inu mukuwadziwa."

Ndinapsa mtima. Amuna atatu akuluakulu, ndevu pepeya, kuopa kuuza mnzawo chilungamo. Koma nanenso nditapita kukawaona, ndinangofunsa za alamu ndi ana, n'kubwerako. Si nkhani yapafupi kuuza munthu kuti chinthu chokhacho chimene amadalira chamuthawa.

Anadzazindikira okha. Pa dansi ina, ali pakati pa gawo lawo lija loimba okha, anaona anyamata awiri a kutsogolo akugwedezana n'kumaseka. Anacheukira anzawo, onse n'kuyang'ana pansi. Anamaliza nyimboyo, n'kuzula waya, n'kutsika. Mawa lake anakulunga gitala m'bulangete n'kuiika pamwamba pa wadirobu. Sabata yotsatira anameta tsitsi lonse. Nditawapeza kushopu ndinachita kuwadutsa ndi maso, kuganiza kuti ndi kasitomala. Anali atakhala pa mpando wa bambo, mutu uli mbee, manja ali pa maondo, kakhosi katatuluka ngati ka nkhuku yonyowa. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo chimwalirire amayi.

"Achimwene, tiyeni kuchipatala," ndinakuwa.

"Kukatani?"

"Akakuoneni makutuwo!"

"Iwe, moyo wanga wonse ndaima kutsogolo kwa sipika yaitali kuposa ine. Ukufuna dokotala akandiuze chiyani chimene sindikuchidziwa? Bola pano ndimatha kunena kuti mwina. Akakanena iye, mwinayo watha."

Ndinawamvetsa, koma sindinawasiye. Alamu anali atayesa kunyengerera mpaka kutopa. Ine sindidziwa kunyengerera. Tsiku lililonse ndinkapita kushopu kukawasowetsa mtendere, mpaka m'mawa wina ndinatseka kwanga, n'kukaima pakhomo pawo nditanyamula chikwama. Ndinawauza kuti akakana ndikuwa pomwepo mpaka msewu wonse udziwe. Iwo sakanamva zambiri, koma manyazi anawagwira.

Kuchipatala tinakhala pa benchi yaitali ya mbali ya makutu, mphuno ndi pakhosi. Achimwene ankayang'anitsitsa pakamwa pa namwino nthawi iliyonse akatuluka kudzaitana munthu, kuopa kuti angadumphidwe. Ine mtima unali m'mwamba, koma ndinkanamizira kuyang'ana msoko wokhota wa yunifolomu ya namwinoyo.

Dokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anawakhazika pa mpando, n'kulowetsa kachipangizo kokhala ndi nyali m'khutu lamanzere. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapita ku lamanja, n'kubwereranso ku lamanzere.

"Bambowa amasuta?" anandifunsa.

"Ayi adokotala, chibadwire sanasutepo."

"Chabwino. Agwireni mutu asagwedezeke."

Anatenga kachitsulo kopanira, kakatali, n'kukalowetsa mosamala. Achimwene anatsinzina, n'kundifinya dzanja mpaka mafupa kulira. Pang'onopang'ono dokotala anatulutsa kanthu kakuda, kolimba, kakakulu ngati nyemba. Anakaika pa kambale kachitsulo, n'kukaphwanya pakati. M'kati munali ulusi woyererako.

"Ngati sasuta," anatero, "nanga thonje la ndudu likufuna chiyani m'khutu mwawo?"

Ndinawayang'ana achimwene. Iwo anayang'ana kambaleko, kukamwa kuli yasa. Kenako anayamba kufotokoza, motsitsa, ngati mwana amene wagwidwa ndi shuga m'manja. Kuyambira kale mu galaja muja, bandi yonse isanayambe kuimba inkathyola timathonje tija timakhala kumapeto kwa ndudu za a Chigubu, n'kutitseka m'makutu. Ankati zotsekera zogula zimapha nyimbo, pomwe thonje la ndudu limachotsa ukali wokha n'kusiya kukoma. Akamaliza ankatizula n'kutaya. Koma munthu ukatuluka thukuta maola angapo, kathonjeko kamafewa. Ukakoka, theka limatuluka, theka n'kutsalira. Sabata yotsatira ukalowetsa kena, umakankhira kakale kaja m'kati. Ndipo makutu atayamba kuvuta, achimwene poopa kuti akuwonongeka ndi phokoso, anayamba kumakankha mwamphamvu kuposa kale, ati kuwateteza.

Dokotala anayesetsa kuti asaseke, koma namwino analephera, anachita kutembenukira kukhoma. Ntchito inatenga nthawi. Anathira mankhwala ofewetsa, tinadikira, n'kutsuka ndi madzi ofunda, n'kupananso. Zidutswa zinkangotuluka, khutu ili ndi ilo, zina zakale moti zinali ngati timiyala. Ine ndinaima pamenepo ndikulalata, chifukwa ndikapanda kulalata ndikanalira.

"Munthu wamkulu ngati inu! Mdzukulu wanu atachita zimenezi bwenzi mutamukwapula! Miyezi yonseyi tikusowa tulo, kani m'mutumo mwasungamo paketi yathunthu!"

Nthawi yomweyo namwino anagwetsera kachitsulo kaja m'kambale, kuti ngwee. Achimwene anadumpha pampando ngati aponda moto. Anayang'ana uku ndi uku, kenako n'kundiyang'ana ine, nkhope itakwinyika.

"Iwe, ukukuwiranji? Ndili pompano."

Ndinakhala pa kabedi ka odwala osapempha, n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Mtima wanga unakhala pansi koyamba m'miyezi yambiri.

Si kuti zonse zinali bwino. Atawayeza ndi makina, dokotala ananena mosabisa kuti khutu lamanzere, limene lakhala likuyang'ana ku sipika zaka zonsezi, linawonongekadi ndithu. Mawu ang'onoang'ono okwera silidzawamvanso. Lamanja linali labwino, loposa la anthu ambiri a msinkhu wawo. Anawalembera zotsekera zenizeni za oimba, n'kuwauza kuti akadzabweranso ndi ndudu m'khutu adzawatulutsa pamzere anthu akuona. Achimwene ankangoti, "Inde adokotala, zikomo adokotala," mwaulemu umene abusa aja sanaulandirepo.

Pobwerera mu basi ankangotembenuza mutu, kumvetsera ndalama zachitsulo m'manja mwa kondakitala, mwana woyamwa kumbuyo, chitseko chimene chinkalira pa bampu iliyonse. Pena anandikodola n'kunena kuti sipika ya dalaivala yang'ambika mbali imodzi. Ndinawauza kuti asayambe.

Titafika, alamu anali pakhonde akuchapa. Anaimirira, thovu lili m'manja, osayerekeza kufunsa. Ndinangowauza kuti, "Alamu, kuyambira lero muzisamala zonena, akumva." Anakhala pansi pomwepo n'kudziphimba kumaso ndi chitenje.

Achimwene anapitirira kuchipinda. Tinamva mpando ukukokedwa, ndipo anatuluka atanyamula bulangete lija. Anakhala pa sofa, n'kulifunyulula pang'onopang'ono. Sanalumikize ku magetsi. Anangoika gitala pa ntchafu n'kupalasa nsambo zonse kamodzi, mmene anaisiyira tsiku la dansi lija. Ngakhale ine wosadziwa nyimbo ndinamva kuti zasokonekera. Iwo anachita tsinya ngati alawa ndimu.

"Ndiye ndimaimba chonchi? Pamaso pa anthu?"

Anapalasanso nsambo zija.

"Ndipo Chigubu ankangondiyang'ana? Ameneyo andiona."

Anapendeketsa mutu, khutu lamanja kuligonekera ku gitala, n'kuyamba ndi nsambo yaikulu. Kukhudza, kupotoza, kukhudzanso. Anapita imodziimodzi mpaka kufika pa yomaliza, yopyapyala ija, imene ine ndinkaopa kuti mwina saimva. Anaikhudza. Anapotoza pang'ono kwambiri, n'kuikhudzanso, n'kuisiya ilire yokha.

Kamawu kake kanali kakang'ono, ndipo kanapita kakuchepa mpaka ine ndinaleka kukamva. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse ngati ndiike madzi a tiyi. Achimwene anakweza dzanja, maso ali chitsinzinire.

"Dikira," ananong'ona. "Sinathe kulira."