Miyezi Inayi pa Windo ku Croydon

Kapeti ya m'nyumba imene tinafikira ku Croydon inkanunkha chinyontho ndi mafuta a tchipisi ochokera m'shopu ya pansi pathu. Hita ikayaka, fungolo linkalowerera mpaka m'zovala, moti ngakhale usambe chotani unkatuluka ngati wagona m'chiwaya. Ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali atatsogola ndi chaka chathunthu kudzagwira ntchito ya unamwino, ndipo ine ndi bambo tinawatsatira mu Ogasiti, sukulu zili pafupi kutsegulira.

Amayi anali atakonza kale zonse. Khonsolo inandipatsa malo pa pulayimale ya tsidya la msewu, yoti ukaima pa windo lathu unkaona mpanda wake wobiriwira. Kalata yake inati tiyankhe pasanathe milungu iwiri, apo ayi malowo apatsa wina. Bambo anaiwerenga ataigwira ndi zala ziwiri ngati thewera.

"Sukulu yaulere? Mwana wanga? Ndiye ndege tinakwereranji?"

Bambo angawa muwadziwe. Ku Lilongwe anali manijala pa kampani ina yogulitsa feteleza, ndipo ine ndinkaphunzira pa sukulu imene pachikwangwani analembapo kuti intaneshonolo. Inali nyumba wamba ya zipinda zinayi, galaja n'kukhala sitandade faifi, koma poti tinkavala tayi ndi chipewa, kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Sukulu ya boma ankati ndi ya ana a alonda. Ndiye kuno kwa eni Chingerezi, munthu wosadziwa ngakhale pokwerera basi anati asaka yekha sukulu ya intaneshonolo. Amayi atanena kuti ana a madokotala a kuntchito kwawo amapita yatsidyayo, bambo anawayankha kuti za maphunziro azisiyira amuna, iwo azilimbana ndi kutaya mikodzo ya azungu. Amayi anangovala yunifomu n'kutuluka.

Kwathu malo a sukulu sapempha ndi pepala. Umavala suti, kunyamula kangachepe m'manja, n'kukaonana ndi ahedi maso ndi maso, uku ukutchulako mayina a anthu odziwika. Bambo anachita zomwezo. Anasita suti yawo yaimvi, anakulunga paketi ya tiyi wa ku Thyolo ndi botolo la uchi, ine n'kundiveka diresi la ku tchalitchi lokanda m'khosi. Tinakwera kasitima ka mumsewu kotchedwa thiramu, kenako sitima, kenako ina yapansi pa nthaka. Tinasochera kawiri konse, poti manijala safunsa njira.

Sukulu imene bambo anapezayo inali nyumba ya njerwa zofiira yobisika m'mitengo, pakhomo pali timiyala tolira ukaponda, komanso magalimoto akuda, madalaivala akudikira m'katimo. M'kati munkanunkhira polishi ndi maluwa. Mayi wa pa tebulo lolandirira alendo anandifunsa dzina ndiponso ngati ndimakonda kusambira. Ndinapinda maondo monga anandilerera, n'kuyankha kuti eya. Anandipatsa bisiketi, nandilozera mpando wa patali, iye n'kutsala akulankhula ndi bambo motsitsa mawu. Sizinatenge nthawi. Ahedi sitinawaone ngakhale msana, ndipo tiyi ndi uchi tinabwerera nazo.

Madzulo amayi atafunsa kuti tayendako bwanji, bambo anamasula tayi modekha, osandiyang'ana.

"Walephera intavyu. Akuti Chingerezi chake sichinapse. Ayambe wakonzeka, tikayesenso."

Kalanga ine! Ndinali ndisanalepherepo mayeso chibadwire. Ndinalira mpaka maso kutupa.

Milungu iwiri ya khonsolo ija inatha, malo anga n'kupita kwa mwana wina. Kuyambira pamenepo sukulu yanga inali pa windo. M'mawa uliwonse ndinkaonerera ana a majuzi obiriwira akuwoloka msewu, ena akuda ngati ine ndemwe, akukankhana ndi zikwama. Masamba anafiira, anagwa, anawolera m'ngalande. Dzuwa linayamba kulowa nthawi ya folo. Ndinkabwereza mawu alionse a pa wailesi yakanema, ndikupinda lilime pagalasi mpaka nsagwada kuwawa. Ndinkadzida chifukwa cha maondo ndinapinda aja, poganiza kuti ndi amene anandiulula kuti ndine wakumudzi.

Nanga bambo ankatani? Ankakhala pa sofa ndi masokosi, akuimbira abale kumudzi mokweza ngati akulankhula ndi munthu wa tsidya la dambo. Ankawauza kuti mwana ali pa mndandanda wa sukulu ya ana a akazembe. Zoyesanso kwina sanazitchulenso. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kudyera ulemu pa sukulu imene anangoinunkhiza pakhomo!

Mu Novembala khonsolo inalembanso, kufunsa chifukwa chimene mwana sakupitira kusukulu. Ulendo uno amayi sanapemphe maganizo a munthu. Anapita okha ku ofesi, koma malo otsala anali pa sukulu ya kutali, yokwerera mabasi awiri. Ndinayamba mu Januwale, mphepo ikudula makutu. Teremu yonse sindinakweze dzanja ngakhale kamodzi, kuopa kuti nawonso angatulukire zimene mayi wa bisiketi uja anatulukira. Mayankho ndinkawadziwa, koma ndinkawamezera m'mimba, ndipo khalidwe limenelo ndinakula nalo mpaka ku koleji.

Zoona zake ndinazimva ndili wamkulu kale, amayi akundiluka tsitsi. Anangozinena ngati nkhani ya nyengo. Intavyu kunalibe. Mayi wa bisiketi uja anangofunsa bambo kuti ndi kampani iti kapena ofesi ya kazembe iti imene yabweretsa banjali ndipo izilipira. Bambo, amene chitupa chawo chokhalira m'dziko muno chinkadalira ntchito ya amayi, pakamwa panawalemera kunena kuti mkazi wanga ndi namwino. Analandira fomu n'kukaitaya m'bini ya pa siteshoni. Amayi anaululiridwa zonsezi ndi bambo sabata yomweyo, koma anati sakanatha kuvula mwamuna pamaso pa mwana.

Ndili mwana ndinkayesa kuti azungu anandiyeza n'kundipeza mbuli. Lero ndikudziwa kuti panalibe anandiyeza. M'nyumba muja munafunika munthu mmodzi wosenza manyazi, ndipo akuluakulu awiri anagwirizana kuti akhale wa zaka khumi.