Chala chanu cha oyilo m'kope langa

A Mbewe, lero ndikukonza m'sutikesi ndapeza kope lija. Chidindo cha chala chanu cha oyilo chikadalipo. Ndinkaphunzitsa kumapiri a Dedza, koma pa holide ndinkatsetsereka mpaka ku Golomoti kukangoona sitima, n'kumalemba nambala ya injini ndi nthawi imene yafika. Inu, oyendetsa sitimayo, munkangondibayibitsa. Kupusa kwanga, sindinaganize kuti kutsidya kwa malire kuli nkhondo, ndipo wolemba za sitima aoneka ngati kazitape. Tsiku lina anyamata atatu a chipani anandizinga n'kulanda kopelo. "Ukulembera ndani zimenezi?" Amayi ogulitsa nthochi anayang'ana kumbali, poti masiku amenewo munthu akatengedwa, ngakhale abale ake sankafunsa.

Munatsika mu injini mukupukuta manja. "Asiyeni alamu angawa, ndawatuma ndine kuti aziona ngati ndikusunga nthawi." Dzina langa simunkalidziwa n'komwe, ndipo akanakufunsani, tonse tikanapita. Munatenga kopelo, n'kuloza mzere umodzi mokalipa: "Alamu, apa mwanama, Lachiwiri sindinachedwe ine!" Anyamata aja anayang'anizana, kenako anachoka mmodzimmodzi. Pondibwezera munanong'ona kuti, "Musasiye kulemba."

Za imfa yanu ndinamva mochedwa, maliro atapita kale, ndisanakuthokozeni. Usani mumtendere, alamu anga ongotola pa siteshoni. Koma ndayang'ananso m'kopemu: Lachiwiri lija munachedwadi.