Gawo Lachinayi ndi Denga Langa

Ndinanyamuka ku Malowera Lachisanu m'mamawa, nyumba yanga ili yofolera mbali imodzi yokha. Chinali chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Zambia, ndipo thumba la mbewu ya chimanga lomwe tinapatsidwa pobwera linali m'nyumba momwemo. Mkazi wanga Rozina anayang'ana mitambo nati, "Bambo a Zeka, udzuwu udzikwera wokha padenga?" Ndinamuyankha kuti mitambo yoyamba imangoopseza.

Chondiyendetsa chinali kanema. Kumsasa wa othawa nkhondo tinaonera magawo atatu a nkhani ya munthu wa lupanga amene anapirikitsidwa kwawo ndi mfiti yokwera chinjoka chamapiko. Gawo lachitatu linatha iye ataima paphiri, akuyang'ana mudzi wake uli phulusa lokhalokha. Tinalira, chifukwa munthu uja anali ife amene. Nditamva kuti lachinayi lafika ku Fingoe, ndinafuna kuona mmene mnzathuyo anamangiranso kwawo.

Dzuwa litakwera ndinapeza kamiyao, lole yonyamula malata a sukulu. Motorista, woyendetsa wake, anandilipiritsa ndalama zokwana makonto khumi ndi asanu, kuti ndikhale pamalata otentha! Galimoto inkatsata mmene munadutsa matayala a inzake poopa mabomba okwiriridwa, ndipo ofuna kutaya madzi ankaima momwemo. Mayi wina anandibenthulira chinangwa chootcha nafunsa, "Mukupita kuchipatala, bambo?"

"Ayi mayi, kukaonera kanema."

Sanandibenthulirenso.

Tinafika ku Fingoe dzuwa litapendeka. Kanemayo ankaonetsedwa m'sitolo yakale yodzaza ndi okumba golide, polowa konto imodzi, injini ya magetsi ikubangula kuseri.

Abale, anatibera. Munthu wathu wowonda uja anamusintha, naikapo wina wamasaya onona amene sanagonepo ndi njala. Chinjoka chomwe chinkatiumitsa pakamwa tsopano chinkachita nthabwala. Mfiti inafa m'gawo lachitatu, ife tikuona ndi maso athu, koma anaidzutsa osatiuza n'komwe kuti yadzuka bwanji. Zonsezi ndikanapirira. Koma wonona uja atafika pabwinja anangobaya pansi ndi lupanga, nyumba zonse n'kuphuka, zofolera kale, nkhuku zikuyenda pabwalo. Osadula mtengo, osamweta udzu, osafunsa ngakhale manda a amayi ake.

Ndinaimirira. "Bodza! Mudzi samanga choncho!"

"Khalani pansi, achimwene, mukutitchinga," anatero wina kumbuyo.

Tikutuluka, mvula inali itayamba. Ndinagona pakhonde la sitoloyo, ndipo pobwerera kamiyao inatitimira m'matope tsiku lathunthu, ife tikukankha. Ndinafika kwathu Lamulungu masana.

Rozina anali atakokera thumba lija kumbali yofolera, koma mphepo inalowetsa mvula ponseponse. Mbewu inali itafufuma, ina itatulutsa kale timizu toyera, munda tisanamalize kusosa. Ndinamupeza ataiyanika pamphasa, akusankha yomwe ingapulumuke. Mkwiyo umene ndinasenza kuchokera ku Fingoe unasanduka manyazi. Ndinayenda masiku atatu kukaona mmene amamangira mudzi, chikhalirecho udzu wanga unali mulu pabwalo.

"Mnzanu uja anafika kwawo?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Anafika."

"Anafolera?"

Ndinavula malaya n'kukwera padenga.