Ndinafika ku Kanyama Madzi Ali M'mawondo

Ntchito ya ku Zanzibar anandipezera ndi mayi wina amene ndinkamuluka tsitsi mu saluni ya ku Matero. Anati hotela ina ya kugombe ikufuna munthu wodziwa kuluka komanso wolankhula Chingerezi. Ndinawauza amuna anga, a Yobe. Ntchito yawo yokonza njinga zamoto sinkatifikitsa kumapeto kwa mwezi, ndipo mwana wathu Zelipa anali atangoyamba sukulu. Choncho a Yobe anati, "Yendani, amake Zelipa. Mwana nizamusunga."

Pachilumbapo ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi atsikana a ku Tanzania, kuseri kwa khitchini. Nyanja ndinkaiona ndikuluka tsitsi la alendo, koma kusambamo ndinkaopa. Alendowo, mutu uli m'manja mwanga, ankakonda kufunsa chinthu chimodzi: nthawi yabwino yobwera kuno ndi iti? Ndinaphunzira kuyankha ngati wobadwira komweko. Bwerani kuyambira Juni mpaka Okutobala, kunja kuli kamphepo ndipo mvula kulibe. Ngati simuopa kutentha, bwerani Januwale kapena Febuluwale, madzi ali mbee. Koma Epulo ndi Meyi musayerekeze. Mvula imagwa osapumira, zovala zimachita nkhungu m'chikwama, ndipo mahotela ena amatseka.

Miyezi yoipayo ndiyo inali tchuthi chathu. Choncho chaka chilichonse ndinkafika kwathu ku komboni ya Kanyama mu Meyi, dzuwa likuwala, pabwalo posesedwa bwino, khoma lopakidwa laimu watsopano. Ndinkaona kuti ndalama zanga zikugwira ntchito, ndipo ndinkabwerera ndi mtima pansi.

Chaka chachitatu, mu Febuluwale, hotela itadzaza, ndinaimba foni kunyumba Lamlungu monga mwa masiku onse.

"Mupatseni Zelipa nikambe naye."

"Ali ku Sande sukulu."

Tsiku lotsatira anati wagona. Lachitatu anati ali kwa anzake. Mawu a Yobe anali ouma, ndipo kumbuyo kwawo ndinkamva azimayi amene sindinkawadziwa. Nditawapempha kuti ayatse kamera, anati netiweki ndi yovuta.

"Nibwere?" ndinafunsa.

"Iyai, iyai. Mubwere chabe mu Meyi monga lyonse."

Mlungu umenewo ndinkaluka maganizo ali kunyumba. Mlendo wina anadandaula kuti ndamukoka tsitsi. Mnzanga wa m'chipinda anandiuza mosabisa kuti mwamuna akamakusankhira tsiku lobwera kwanu, m'nyumbamo mwalowa wina. Ndinayesa kuimbira mchemwali wa a Yobe, sanayankhe. Pamenepo ndinasiya kudya.

Ndinapita kwa abwana kukapempha masiku ochepa. Anandiuza kuti ndikachoka nyengo ya alendo, malo anga apatsa wina. Ndinawathokoza, n'kukalongedza chikwama.

Ndinawoloka pa sitima kupita ku Dar es Salaam, n'kukwera basi yodzera ku Nakonde. Njira yonse ndinkakonza mawu okamuuza mkazi amene ndikamupeze atavala chitenje changa. Sindinauze aliyense kuti ndili m'njira.

Nditafika mumzinda, minibasi ya ku Kanyama inatitsitsa patali, woyendetsa atakana kulowa m'komboni. Msewu wathu unali mtsinje wa madzi akuda, mapepala ndi zonyansa za m'zimbudzi zikuyandama. Pamphepete anthu ankabwereketsa magambuti. Ndinavala, chikwama pamutu, n'kulowa m'madzimo mpaka m'mawondo.

Pakhomo panali loko. Nditasuzumira pawindo ndinaona bedi lathu litakwezedwa pa mabuloko, madzi ali pansi pake, nsapato ya Zelipa ikuyandama pafupi ndi chitseko. Pakhoma panali mzere wakuda wofika m'chiuno, pamalo pomwe ndinkapeza laimu woyera chaka chilichonse.

Bamake Joyce, oyandikana nawo nyumba, anatuluka ndi ndowa. Atandiona anaika ndowayo pansi.

"Mwabwera? Nindani wakuuzani?"

"Kuniuza chani? Mwana wanga ali kuti?"

"Ali ku kiliniki, ku matenti ya kolera. Endani, musaimilire."

Sindikumbukira mmene ndinayendera. Pachipata anandisambitsa manja ndi kundipondetsa m'madzi a klorini, koma kulowa anandikaniza. Azimayi ambiri anali ataunjikana pa mpanda wa waya, aliyense akuitana dzina la wake. Mawu aja a pafoni anali amenewa. A Yobe ndinawapeza pakati pawo, ataonda, ndevu zosameta, buluku lonyowa mpaka m'ntchafu. Atandiona anagwira waya ndi manja onse awiri.

"Ali moyo," anatero ndisanafunse. "Lelo wamwa phala."

Ndinakhala pansi m'matope. Kupyolera pakhomo la tenti ndinamuona Zelipa, diripi ili pamkono, maso atalowa m'kati. Nesi anamukweza mutu, ndipo mwanayo anandiyang'ana nthawi yaitali asanakweze dzanja.

"N'chifukwa chani simunaniuze?" ndinafunsa a Yobe.

"Mukanachita chani kuja? Mukanangosiya nchito."

"Nasiya kale."

Anatseka maso. Kenako anandiuza zonse: kuti chichokereni ine, madzi akhala akulowa m'nyumba chaka chilichonse kuyambira pamene ena anamanga pa ngalande, kuti Zelipa amamubereka kumsana popita kusukulu, ndiponso kuti Epulo yense amathera kukolopa ndi kupaka laimu kuti ine ndikapeze pabwino.

"Mumabwera masiku ang'ono," anatero. "Tinafuna muzipumula."

Sindinakalipe. Ndinazindikira kuti kwa zaka zitatu banja langa linkandilandira ngati mlendo, ndipo nyumba yanga yeniyeni ndinali ndisanaionepo.

Zelipa atatuluka, tinasamukira m'chipinda cha lendi ku Mtendere, kumtunda kumene madzi saima. Ndimaluka tsitsi pakhonde, ndipo ndalama zake n'zochepa. Mnzanga wa ku Zanzibar analemba kuti hotela ina ikufuna woluka kuyambira Juni. A Yobe anandifunsa ngati ndipita. Ndinawauza kuti ndiyamba ndaona mvula ikubwerayi kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, ndili m'nyumba mwanga.