Chithunzi cha pabokosi la atate

Kukoleji sindinamalize, koma ndinabwerako ndi kamera yakale ndi chiphunzitso chimodzi: nkhope imanama. Munthu akaona kamera amakonza kolala, amabweza mimba, n'kusanduka wina. Choonadi chili m'manja, m'mapazi, kumsana. Uthenga umenewu ndinaulalikira m'komboni yathu yonse ya George, makamaka kwa amene sanandifunse.

Atate ankanyamula matumba a simenti ku Industrial. Ndinawajambula kwambiri. Zidendene zong'aluka, phewa lotuwa, mthunzi wawo pakhoma la chimbudzi. Lamlungu lina anaima pakhomo atavala jekete la kutchalitchi, nati ndiwajambule bwinobwino ngati munthu. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti zimenezo n'za kusitudiyo, si luso. Anagwedeza mutu n'kukavula jeketelo.

Atamwalira, azakhali ochokera ku Chipata anafuna chithunzi choika pabokosi. Anthu anati apa palibe vuto, nyumba ino ili ndi wojambula wakewake. Ndinatsegula laputopu mutenti, achibale atandizungulira. Tinaona mapazi. Tinaona chigongono. Amalume ena, pofuna kundithandiza, anati chigongonocho akuchizindikira, n'cha malemu ndithu.

"Nanga nkhope ili kuti, iwe?" anafunsa azakhali.

"Ba anti, nkhani ya nkhope ni yaitali."

"Manje tizaika chidendene pabokosi?"

Amai analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitupa cha atate. Ndinapita nacho ku Matero, kusitudiyo yomwe ija ndinkainyoza, kuti akulitse kachithunzi ka pakona. Pachithunzipo panatuluka atate ali mnyamata wamng'ono kuposa ine, maso ali tong'o, nkhope ngati ili kuseri kwa utsi, chidindo cha boma chitadya tsaya limodzi.

Kumanda ku Chingwere chithunzicho ndinanyamula ine, poti katswiri ndine. Ndinayenda patsogolo pa bokosi nditachikumbatira. Anzawo a atate a ku Industrial anachiyang'anitsitsa, ndipo ndinamva wina akufunsa mnzake monong'ona ngati sanasochere pamaliro a eni. Dzuwa silinali lambiri tsikulo, koma malaya anga ananyowa.

Chithunzicho chikadali pakhoma. Ana a mlongo wanga amati ameneyo ndi mchimwene wanga wina amene sitimutchula.

Masiku ano amai akasoketsa chitenge chatsopano amakwera basi kupita ku Matero kukajambulitsa. Zithunzizo amasungitsa kwa azakhali. Podutsa pabalaza amandipatsa moni bwinobwino, ine ndi kamera yanga.